Ndodo yangowe ndi mpanda: mmene osamalira njovu adatulukira m'khola

Bungwe la malo osungirako nyama ku Ulaya, EAZA, lidalamula kuti pofika 2030 mamembala ake akhale atasiya kulowa m'khola limodzi ndi njovu. Kuno ku Lilongwe nkhaniyi imamveka yakutali, pakuti ku Lilongwe Wildlife Centre kulibe njovu, zathu zili m'tchire ku Kasungu, Liwonde, Majete ndi Nkhotakota. Komabe mavidiyo a alendo akusisita chitamba amazungulira pa WhatsApp, anthu n'kumafunsa kuti bwanji kwathu kuno zotere kulibe.

Njira yakale inali yakuti wosamalira amalowa m'khola atanyamula ndodo ya ngowe yachitsulo kunsonga. Ngoweyo amakolera pamene khungu n'lofewa, monga kuseri kwa khutu, ndipo usiku njovu inkagona pa unyolo. Maganizo ake anali akuti munthu akhale ngati mtsogoleri wa gulu, nyama imuope. Vuto n'lakuti njovu yaikazi ya mu Africa imalemera pafupifupi matani 3, yamphongo mpaka 6. Tsiku limene mantha aithera, munthu alibe pothawira.

Zinthu zidatembenuka ku California, ku America. Mu 1988 njovu yaikazi yotchedwa Dunda idasamutsidwa ku San Diego Zoo kupita ku Wild Animal Park. Kumeneko idamangidwa miyendo yonse inayi n'kumenyedwa m'mutu ndi mipini ya nkhwangwa kwa masiku awiri. Akuluakulu a pakiyo adati chinali chilango chofunika pofuna kuteteza antchito ku nyama yoopsa. Amene ankaisamalira kale adati inali nkhanza basi. Mbali yoyamba sinkanama za ngoziyo, koma nyama yochita mantha, yongofika kumene pamalo achilendo, sikuti ndodo ikanaikhazika mtima pansi. Mu 1991 wosamalira njovu adaphedwa ku Oakland Zoo, wina ku Wild Animal Park komweko.

Apa m'pamene njira ya protected contact, yosamalira njovu munthu ali kuseri kwa mpanda, idazika mizu. Olemba ambiri amatchula Tim Desmond ndi Gail Laule, omwe adatengera luso lophunzitsira nyama za m'nyanja, ngakhale a ku Oakland nawo amadzitama kuti adali m'gulu la oyamba kuigwiritsa ntchito pa gulu lonse. Pakati pa munthu ndi njovu pamakhala mpanda wa mizati yachitsulo wokhala ndi timazenera, kena kotulutsira phazi, kena khutu. Wophunzitsa amagwira ndodo yaitali ya kampira kunsonga. Njovu ikagunda kampirako ndi chiwalo chimene akufuna, amaimba wezulo nthawi yomweyo n'kuipatsa kachidutswa ka chipatso. Wezuloyo ndi wofunika chifukwa amaiuza nyama mphindi yeniyeni imene yachita bwino. Pang'onopang'ono imaphunzira kuika phazi pachitsulo kuti aisepe zikhadabo ndi kuyang'ana zilonda kuphazi, zimene zimazunza kwambiri njovu zoima pa simenti. Magazi amatengedwa mumtsempha wa kuseri kwa khutu. Ikatopa imangochokapo, palibe woimenya, ntchito idikira mawa.

Otsutsa adalipo, ndipo ena anali odziwa ntchito yawo. Ankati njovu ikamabereka kapena ikadwala mwadzidzidzi, mpanda umachedwetsa thandizo. Mkangano udatenga zaka 20. Mu Januwale 2011 njovu yotchedwa Edie idapanikizira wosamalira wake kuchitsulo ku Knoxville Zoo ku America, iye n'kumwalira. Chaka chomwecho bungwe la malo osungirako nyama ku America, AZA, lidalamula kuti pofika Seputembala 2014 antchito asamakhalenso malo amodzi ndi njovu popanda chotchinga, kupatula pa zifukwa zochepa monga chithandizo cha mankhwala. Mu 2019 lidagwirizana zothetsa ndodo yangowe pofika 2023, kupatula pa ngozi zadzidzidzi ndi chithandizo chapadera cha mankhwala.

Mpanda paokha suteteza munthu wosasamala. Chitamba chimadutsa pakati pa mizati n'kukoka mkono, n'chifukwa chake malo ambiri amajambula mzere pansi wosonyeza pamene chimafika, ndipo amafuna antchito awiri nthawi iliyonse, wina wophunzitsa, wina woyang'ana nyama ndi zitseko. Mu 2013 ku Dickerson Park Zoo, m'chigawo cha Missouri, wosamalira wodziwa ntchito adasendera pa mkwasa wodutsamo njovu pofuna kuinyengerera kuti iyende. Njovuyo, Patience, idamugwetsera mkati n'kumupha.