Akafafaniza lamulo la ufulu ku Britain, chisinthe n'chiyani?

Ku Britain mkangano wa lamulo lotchedwa Human Rights Act suzirala. Linakhazikitsidwa mu 1998, n'kuyamba kugwira ntchito mu Okutobala 2000. Chipani cha Conservative chinalonjeza pa chisankho cha 2015 kuti chilichotsa. Mu 2022 nduna ya zachilungamo, a Dominic Raab, anabweretsa bilu yolowa m'malo mwake, koma boma la chipani chomwecho linaitaya mu 2023.

Ife a zamalamulo tikamva kuti anthu atopa nalo, timayamba tafunsa kuti chawatopetsa n'chiti. Mayankho ake amazungulira pa milandu yochepa yomweyomweyo. Mu 2005 khoti linagamula kuti kuletsa akaidi onse kuvota n'kuphwanya ufulu. Abu Qatada, mlaliki amene ankaganiziridwa za uchigawenga, anakanirira zaka zambiri asanatumizidwe ku Jordan mu 2013. Mu Juni 2022 ndege yoti ipititse ofuna chitetezo ku Rwanda inalephera kunyamuka, anthu ena atakwera kale.

Koma taonani komwe zigamulo zopweteketsa mutuzi zinachokera: ku Strasbourg, ku France, kukhoti loyang'anira pangano la ufulu la mayiko a ku Ulaya la mu 1950. Panganoli ndi lina, lamulo la 1998 ndi lina. Ntchito ya lamuloli inali kulola munthu kudandaula kukhoti la kwawo, m'malo modikira zaka kuti akamvedwe kunja. Mukalifafaniza osatuluka m'pangano, oweruza a ku Strasbourg akhalapobe. Amene mwawamanga manja ndi oweruza anu. Ngakhale kutuluka mu European Union sikunakhudze panganoli, ngakhale ambiri ankayesa choncho.

Chinanso, lamuloli silipatsa woweruza mphamvu yothetsa lamulo la nyumba ya malamulo. Amangolengeza kuti likusemphana ndi ufulu, aphungu n'kuona okha chochita.

N'chifukwa chake ine kafukufuku wa maganizo a anthu ndimamuwerenga kuyambira pa funso, osati pa yankho. Funsani munthu ngati zigawenga ziyenera kutetezedwa, akana m'maso muli gwa. Munthu yemweyo mukumbutseni za bwalo la masewero la Hillsborough, komwe ochemerera mpira 97 anataya miyoyo chifukwa cha ngozi ya mu 1989. Mabanja a 96 mwa iwo anadikira mpaka 2016 kuti bwalo lofufuza za imfa linene kuti abale awo anaphedwa mosemphana ndi malamulo, ndipo chimene chinakuza kufufuzako ndi ufulu wokhala ndi moyo, womwe uli m'lamulo lomweli.