Mmene mitengo idabwerera m'minda ya ku Niger

Chaka cha 2030 chikuyandikira, ndipo mkangano wokhudza Great Green Wall wabukanso. African Union idakhazikitsa ntchitoyi mu 2007 ndi maganizo odzala mzere wa mitengo wa makilomita pafupifupi 8,000, kuchokera ku Senegal mpaka ku Djibouti. Pambuyo pake cholinga chidasanduka kukonzanso mahekitala 100 miliyoni a nthaka yoguga pofika mu 2030. Lipoti la United Nations la mu 2020 lidapeza kuti ntchito idali itafika pa mahekitala 4 miliyoni okha. Otsutsa amaloza kummwera kwa Niger, kumene alimi adabwezeretsa mitengo pa malo aakulu kuposa amenewa popanda nazale.

Funso loyamba ndi lakuti mitengoyo idatha bwanji. Atsamunda a ku France adaika lamulo mu 1935 lopatsa boma mphamvu pa mitengo, ndipo Niger italandira ufulu mu 1960 idapitiriza mzimu womwewo. Mlimi akasadza mtengo wotetezedwa, ngakhale uli m'munda mwake, alonda a nkhalango ankamulipitsa chindapusa. Tsono mtengo udasanduka mlandu, ndipo wochenjera ankazula kamtengo kasadakule. Alangizi nawonso ankalimbikitsa minda yoyera mbee, kuti pulawo ya ng'ombe idutse bwino polima mtedza wogulitsa kunja. Anthu adachuluka, kugoneka munda kudatha, kenako chilala cha 1968 mpaka 1974 chidamaliza zonse.

Chimene chidatayika si mthunzi wokha. Mphepo inkakwirira mchewere ndi mchenga utangomera, mlimi n'kudzala kawiri kapena katatu m'chaka chimodzi. Nkhuni zitasowa, amayi adayamba kusonkha mapesi ndi ndowe, zomwe zikadaolera m'munda n'kubwezera chonde. Ziweto zidasowa chakudya m'chilimwe. Mbande zimene mabungwe ankadzala, zambiri zamitundu yachilendo, zinkafa ndi dzuwa, chiswe ndi mbuzi.

Zinthu zidatembenuka pakati pa 1983 ndi 1985. Tony Rinaudo, wa ku Australia, yemwe ankagwira ntchito ndi mishoni yachikhristu ya SIM ku Maradi, kummwera kwa Niger, adazindikira kuti tizitsamba timene alimi ankatchetcha posasa minda tidali mphukira za zitsa zamoyo. Pansi padali mizu yakale yofika pa chinyezi. Mbande ya m'chubu imayamba yafunafuna madzi, pamene mphukira ya pachitsa imawapeza ali kale.

Kachitidwe kake n'kosavuta koma kamafuna luso. Pa chitsa chilichonse mlimi amasankha mphukira zowongoka ndi zamphamvu, zitatu mpaka zisanu, n'kudula zotsalazo. Nthambi za m'munsi amazisadza mpaka pafupifupi theka la msinkhu wa mphukirayo, ndi chikwanje chakuthwa, podula chokweza kuti khungwa lisang'ambike. Chida chobuntha chimasiya bala lolowera matenda. Ukasadza mopitirira, tsinde limaonda, mphepo kapena mbuzi n'kulithyola. Pakapita miyezi ingapo amabweranso, chifukwa chitsa sichisiya kuphukira. Nthambi zodulidwazo ndiye nkhuni za chaka choyamba chomwecho.

Njala ya 1984 itavuta, njirayi idafalikira kudzera m'ntchito yolipidwa chakudya. Chakudya chitatha, ambiri adadulanso mitengo ija. Ochepa amene adaisunga ndiwo adaonetsa anzawo kuti mchewere sukufa pansi pake. Mtengo wofunika kwambiri udali msangu, umene Ahausa amautcha gao: umayoyola masamba m'dzinja, motero suphimba mbewu, umawonjezera chonde, ndipo nyemba zake zimadyetsa ziweto udzu ukatha.

Ulemu upite kwa yani? Nkhani zambiri zimatchula Rinaudo, amene adalandira mphoto ya Right Livelihood mu 2018, ndipo ntchito yake ku Maradi ndi yosatsutsika. Koma m'chigawo choyandikana cha Zinder, m'madera a Magaria, Matameye ndi Mirriah, misangu idachuluka m'minda momwe alimi ankaisamala mwa iwo okha, potsata nzeru yakale. Alimiwo sadalembe malipoti, n'chifukwa chake mbali yawo imamveka pang'ono. Ena amati mvula ndiyo idachita zonse itayambanso kugwa bwino m'ma 1990. Idathandizadi, koma zithunzi za m'mlengalenga zimene ofufuza Gray Tappan ndi Chris Reij adayerekeza zidaonetsa mitengo itachuluka m'minda ya anthu, momwe muli midzi yothithikana, osati m'tchire. Chiwerengero chawo cha mahekitala 5 miliyoni ndi mitengo 200 miliyoni n'chodalirika kuposa china chimene chimatchulidwanso, cha matani 500,000 a chakudya chowonjezera pa chaka, chimene chidapezeka pongochulukitsa phindu longoyerekeza la hekitala imodzi.

Umboni wolemera uli pa umwini. Pulezidenti Seyni Kountché atamwalira mu 1987, boma lidafooka, chuma chidavuta, ndipo alonda a nkhalango adachepa m'midzi. Mlimi atangoona kuti nthambi akasadza ndi yake, adasiya kuzula. Malamulo adatsatira m'mbuyo: lamulo la malo a kumidzi mu 1993, la nkhalango mu 2004, ndipo mu 2020 boma lidavomereza polemba ufulu wa mlimi pa mitengo imene waisamala m'munda mwake, patatha zaka zoposa 30 alimi atayamba kale.