Bwanji manambala a osewera akusiyana? Mafunso ndi mayankho a ligi yathu ya fantasy baseball

Mu fantasy baseball, aliyense amasankha osewera enieni kupanga timu yake, ndipo amapambana potengera zomwe osewerawo achita pa masewero enieni. Chitumizireni ndandanda ya osewera yokonzekera draft (nthawi yosankha osewerawo), komiti ya ligi yathu yalandira madandaulo ambiri akuti ndandandayo sikugwirizana ndi ya masamba a pa intaneti a ESPN, Yahoo kapena FanGraphs. Ena afika potinena kuti tikukondera. Nawa mayankho athu.

Kodi projection n'chiyani?

Ndi manambala oyerekeza zomwe wosewera wa MLB (ligi yaikulu ya baseball ku America ndi Canada) angachite mu sizoni ya masewero 162, potengera zomwe wachita m'mbuyomu.

Nanga wosewera mmodzi yemweyo akhala bwanji ndi manambala osiyana?

Aliyense wopanga projection amawerengera mwa njira yake. Marcel, ya Tom Tango, imatenga zaka zitatu zapitazo, chaposachedwa n'kuchipatsa mphamvu zambiri, kenako n'kukokera manambalawo kufupi ndi avereji ya ligi. PECOTA, yomwe Nate Silver anatulutsa mu 2003 ku Baseball Prospectus, ndi ZiPS ya Dan Szymborski, zimayang'ana osewera akale ofanana naye n'kuona momwe zinawathera. THE BAT X ya Derek Carty imadalira Statcast, yomwe imayeza ngakhale liwiro limene mpira wachoka nalo ukamenyedwa. ATC ya Ariel Cohen imasakaniza njira zingapo.

Koma kawirikawiri amasiyana pa funso loti munthuyo asewera kangati. Womenya yemwe angapeze ma home run (kumenya mpira mpaka kudutsa mpanda wa bwalo) 25 atapatsidwa mwayi womenya ka 600, apeza pafupifupi 19 akapatsidwa ka 450. Luso ndi lomwelo, kungoti wina akuganiza kuti avulala kapena azikhala pa benchi.

Kodi komiti inasintha ndandanda mobisa?

Ayi. Projection ndi ranking (kusanja osewera pa ndandanda potengera mtengo wawo mu ligi) ndi zinthu ziwiri. Ligi yathu imawerengera magawo khumi, kuphatikizapo stolen base (kuthamangira pa base yotsatira mpira usanamenyedwe) ndi save (woponya kuteteza chipambano kumapeto kwa masewero), choncho wothamanga kwambiri amakwera mtengo. Mu ligi ya mapointi yemweyo amatsika. Onani kaye kuti ndandanda yomwe mukutifananiza nayo inapangidwira ligi yamtundu wanji.

Wosewera wanga ali ndi malo awiri osewerera m'bwalo pa Yahoo, koma kuno amodzi okha. Si kundibera uku?

Funso ili ndi lomwe latidyera nthawi kwambiri, ndipo tikumvetsa mkwiyo wake. Palibe lamulo limodzi la onse. Yahoo imapereka malo msanga: wosewera akayamba masewero 5 pamalopo, kapena kuonekerapo ka 10, basi walandira. ESPN imafuna masewero 20 a sizoni yatha, kapena 10 sizoni ili mkati. Ife timatsatira malamulo a tsamba lomwe ligi yathu ili, ndipo komiti siingawonjezere munthu malo chifukwa kwina ali nawo.

Tikuvomereza kuti izi zimasinthadi mtengo. Womenya bwino amene akuloledwanso pa malo a catcher (wowakha mpira kumbuyo kwa womenya) ndi wodula, popeza omenya bwino pamalo amenewo ndi osowa. Shohei Ohtani ndiye chitsanzo chachikulu: Yahoo inamugawa pawiri, womenya ndi woponya, pomwe ESPN imamuwerenga ngati munthu mmodzi. Mu 2024 sanaponye chifukwa cha opaleshoni ya chigongono, koma anamenya ma home run 54 n'kupeza ma stolen base 59. Amene anali ndi Ohtani woponya yekha sanapindule kanthu chaka chimenecho.

Ngati mukuona kuti masewero a wosewera wanu awerengedwa molakwa, tilembereni draft isanachitike. Tidzaunika, koma sitikulonjeza kuti zisintha.

Tikhulupirire njira iti?

Komiti siisankhira munthu. Maganizo athu ndi akuti zosakaniza ngati ATC sizikonda kuphonya patali. Komabe malamulo a masewero akasintha zonse zimavutika: mu 2023 ma base (malo amene othamanga amapondapo m'bwalo) atakulitsidwa, ma stolen base anachuluka ndipo Ronald Acuña Jr. yekha anapeza 73.

Ndinasankha potengera ndandanda yanu, wosewerayo walephera. Mundibwezera ndalama yolowera?

Ayi. Ndandanda ndi yongothandizira, ndipo draft ikangoyamba ndalama yolowera siibwezedwa.