Mafunso ndi mayankho: ndalama imene migodi ya zinki ndi mtovu imalipira osungunula

Amene akufuna kudziwa ngati chikusowa pa msika wa zinki ndi miyala yokumbidwa kapena ng'anjo zoisungunulira amayang'ana ndalama imodzi, imene amalonda amaitcha treatment charge, mwachidule TC.

Kodi TC ndi chiyani?

Mgodi sugulitsa zinki yeniyeni, koma miyala yoperedwa ndi kutsukidwa mpaka kukhala ufa, umene pafupifupi theka lake ndi zinki. Fakitale yosungunula imagula ufawu potsatira mtengo wa zinki pa msika wa zitsulo wa London Metal Exchange, koma imalipira magawo 85 okha pa magawo 100 a zinki imene ili mu ufamo, ndipo imachotsaponso madola ena pa tani iliyonse ya ufa monga malipiro a ntchito yake. Ndalama yochotsedwayo ndiyo TC. Ufa wa mtovu umagulitsidwanso chimodzimodzi, ngakhale kuti ziwerengero zake zimasiyana.

Kodi amaika ndalamayi ndani?

Si boma, ndiponso si lamulo lolembedwa. Chaka ndi chaka kampani ya Teck Resources ya ku Canada, mwini wa mgodi wa Red Dog ku Alaska, imakambirana ndi Korea Zinc ya ku South Korea, ndipo zimene agwirizana awiriwa ndizo makampani ena ambiri amatsatira. Mu 2023 anagwirizana madola 274 pa tani, mu 2024 madola 165, ndipo mu 2025 madola 80 okha.

N'chifukwa chiyani inatsika chonchi?

Ufa ukachuluka, migodi imapikisana kufuna ng'anjo, ndipo TC imakwera. Ufa ukasowa, osungunula ndiwo amalimbirana, ndipo TC imagwa. Mu 2022 magetsi anakwera mtengo kwambiri ku Ulaya nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, moti kampani ya Nyrstar inaimitsa fakitale yake ya Budel ku Netherlands, pakuti kusungunula zinki kumadya magetsi ochuluka zedi. Ufa unatsala wambiri wopanda ousungunula, n'chifukwa chake TC ya 2023 inali yokwera. Koma mtengo wa zinki, umene unapitirira madola 4,000 pa tani mu 2022, unagwa mpaka pansi pa madola 2,500 pakati pa 2023, ndipo migodi yodula kuyendetsa inayamba kuima, kuphatikizapo mgodi wa Tara ku Ireland, womwe ndi waukulu kuposa migodi yonse ya zinki ku Ulaya. Pomwepo n'kuti mafakitale a ku China, dziko losungunula zinki yambiri kuposa lina lililonse, akufunabe ufa, kotero kuti mu 2024 TC ya malonda a pompopompo (ogula ufa nthawi yomweyo, osatsatira mgwirizano wa pachaka) inatsika mpaka pansi pa ziro, kutanthauza kuti osungunula ankawonjezera ndalama m'malo mochotsa.

Nanga osungunula amapeza kuti phindu?

Amadalira zinki imene apulumutsa kupitirira magawo 85 aja, chifukwa iyo saigula, komanso siliva ndi asidi wa sulphuric amene amatuluka posungunula. Izi zimapepuza mavuto, koma n'zokayikitsa kuti fakitale yogula magetsi okwera mtengo ingakhalitse podalira zimenezi zokha.

Kodi mtovu ukuyenda mofanana ndi zinki?

Osati kwenikweni. Zinki yambiri imakutira zitsulo kuti zisachite dzimbiri, motero imayendera ntchito zomanga, pamene mtovu wambiri umapita ku mabatire, ndipo woposa theka la mtovu wogwiritsidwa ntchito padziko lonse umachokera m'mabatire akale osungunulidwanso, osati ku mgodi.

Kodi zimenezi zikukhudza chigawo chathu chino?

Malata amene timafolera nyumba ndi okutidwa ndi zinki, ngakhale kuti mtengo wake kuno umadalira kwambiri chitsulo, mayendedwe ndi mphamvu ya kwacha kusiyana ndi TC. Amene TC yotsika ikuwakomera mwachindunji ndi ogulitsa ufa, monga mgodi wa Kipushi ku Democratic Republic of Congo, pafupi ndi malire a Zambia, umene unayambanso kugwira ntchito mu 2024 utakhala chotseka kwa zaka pafupifupi 30.