Seva ikakana kuyaka, iwerengeni musanaifomate

Foni imene imandiwawa kwambiri pa ntchito yanga imayamba chonchi: "Achimwene, seva inasiya kuyaka, ndiye tinaitana mnyamata wina anaifomata. Panopa ikuyaka bwinobwino, koma zinthu zathu sitikuziona." Ndaimva kuchokera kusukulu, kuchipatala chaching'ono, ku maofesi a mabungwe. Anthu amafomata kaye, kutanthauza kufufuta zonse za pa disiki n'kuika dongosolo latsopano, kufunsa pambuyo, ndipo ndatopa kufika pamalo zinthu zitatha kale.

Seva ndi kompyuta yosunga deta imene anthu ena amadalira. Seva ya Linux, kaya ndi Ubuntu, Debian kapena Rocky Linux, kawirikawiri siifa mwakachetechete. Zilembo zoyera pa sikirini yakuda zija, zimene anthu amangoti "yalemba zambirimbiri", ndi wodwala akuloza pamene pakumupweteka. Nthawi zambiri imatchula ndi dzina lomwe la chimene chavuta, ndipo imakuuzani lamulo loti mulembe kuti muone zambiri. Vuto ndi lakuti palibe amene amawerenga.

Pali nkhani imodzi imene sinandichoke mumtima. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo miyezi yotsatira magetsi ankathima maola ambiri. Nthawi imeneyo ndinkasamalira seva ya kabungwe kena ka alimi kobwereketsana ndalama, kutali ndi tawuni. Inali kompyuta wamba ya pa desiki, tinaikamo Ubuntu 20.04 ndi database ya PostgreSQL, pulogalamu yosunga kaundula, ndipo munali ngongole zonse za mamembala: anatenga zingati, wabweza zingati, watsala ndi zingati. Kumbuyo kwake ndinalumikiza disiki ya USB yolandira backup, kope la deta yonse, madzulo aliwonse. Seva inali pa UPS, batire yoiteteza magetsi akavuta, koma adaputala ya disiki ija inali pakhoma.

Tsiku lina magetsi anabwera ndi mphamvu, disiki ya USB inapsa. Seva itayakanso inayamba kuifunafuna, chifukwa disikiyo inalembedwa mu fayilo ya /etc/fstab, mndandanda wa madisiki amene seva iyenera kuwapeza poyaka. Inadikira masekondi 90 monga imachitira, itaisowa inaima n'kulemba kuti "You are in emergency mode", ndipo pansi pake inalemba kuti munthu alembe journalctl -xb aone chavuta. Mayi wosunga mabuku anandiimbira, koma foni yanga inali itathera moto. Mawa lake linali tsiku lobweza ngongole. Wapampando anatumiza njinga kumsika kukatenga mnyamata wokonza mafoni ndi makompyuta. Mnyamatayo anabaya flash yake, anasankha "Use an entire disk", ndipo pasanathe ola seva inali ikuyaka, yoyera mbee, mopanda kanthu.

Disiki yaikulu ya seva inalibe vuto lililonse. Ngongole zonse zinali momwemo, zamoyo, mpaka mphindi imene anadina batani lija. Chimene chinkafunika ndi kutsegula /etc/fstab, kuika chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere wa disiki yopsayo, n'kuyatsanso. Ntchito ya mphindi 5.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mzere umenewo ndinalemba ndine, ndipo ndinaiwala kuikapo mawu amodzi, nofail. Mawu amenewa amauza seva kuti disikiyi ikasowa ipitirire kuyaka. Ndikanawalemba, sevayo ikanayaka, mayi aja akanagwira ntchito yawo, ine n'kubwera ndi disiki ina sabata yotsatira. Ndinenso ndinasiya backup m'chipinda chimodzi ndi seva, pa magetsi amodzi, ndipo sindinawauzepo choti achite akaona sikirini yakuda. Nditafika patapita masiku awiri, mayi aja anandifunsa ali chiimire pakhomo, mabuku a malisiti ali m'manja: "Ndiye achimwene, amene akunena kuti anamaliza kubweza mwezi wathawu tiziwakhulupirira pakamwa?" Ndinalibe yankho. PhotoRec, pulogalamu yofufuza mafayilo ofufutidwa, inandibwezera makalata ena a PDF ndi zithunzi zopanda mayina, koma database inali itapondedwa. Ikanakhala disiki ya SSD ngakhale zimenezo sizikanabwera, chifukwa pofomata SSD imauzidwa kuti itaye zonse zakale. Mayi aja analembanso ngongole pamanja kuchokera m'malisiti kwa milungu ingapo, ndipo pamene malisiti anasowa panabuka mikangano pakati pa anthu opemphera mpingo umodzi.

Mnyamata uja sindimusungira chakukhosi. Anaphunzira kuti kompyuta ikavuta umaifomata, ndipo pa laputopu yoonera mafilimu njirayo imamuyendera. Koma inu amene mwasunga seva ya anthu, mvetsani ichi: wokonza amene sanakufunseni kuti "muli chiyani m'menemu, ndipo backup yomaliza ili kuti" asaikhudze. Akatulutsa flash asanawerenge sikirini, mugwireni dzanja. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo mudya ndinu ndi mamembala anu, iye atalandira kale yake n'kupita.

Choyamba kuchita n'chophweka kwambiri: jambulani sikiriniyo ndi foni, zilembo zizioneka, mutumize kwa amene anaika sevayo. Musaizimitse n'kuiyatsa kakhumi poganiza kuti isintha maganizo. Ngati disiki ikudwala, kuyatsa kulikonse kukuipha.

Mukaona emergency mode, yambani ndi journalctl -xb, mufufuze mizere yofiira ndi mawu akuti "Dependency failed" kapena "Timed out waiting for device". Kawirikawiri ndi fstab. Yerekezerani zimene zalembedwamo ndi zimene lamulo la blkid likuonetsa. Fayilo ikakana kusintha, lembani mount -o remount,rw / kaye. Ndipo siyani kulemba madisiki ndi mayina ngati /dev/sdb1. Dzina limenelo limasintha: lero ndi disiki ya backup, mawa wina wasiya flash kumbuyo, sdb yasanduka flash. Lembani UUID, nambala yosasintha ya disiki imene blkid imaonetsa.

Mukaona mawu akuti (initramfs) ndi uthenga wonena kuti pakufunika fsck ya pamanja, lamulo lokonza kaundula wa mafayilo, nthawi zambiri ndiye kuti magetsi anathima seva ili mkati molemba. Apa ndi pamene ndimapempha kudekha. Anthu awerenga pa intaneti kuti ungolemba fsck -y basi, ndipo nthawi zambiri zimathekadi. Koma fsck imakonza kaundula wa mafayilo, siichiza disiki yakufa. Ngati disiki ikulira kuti tiki tiki, kapena smartctl -a ikuonetsa manambala pa Current_Pending_Sector ndi Reallocated_Sector_Ct, fsck ikhoza kumaliza zimene zinatsala. Yatsani kompyutayo ndi flash ya Linux popanda kuika chilichonse, koperani disiki yonse ku ina ndi ddrescue, ndipo fsck muichite pa yokoperayo. Zimatenga usiku wonse, inde. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zina ndi zazing'ono moti zimakwiyitsa. Disiki yadzaza ndi ma log, mafayilo amene seva imalembamo zochitika, database yakana kudzuka: df -h ikuuzani, ndipo ikati malo alipo onaninso df -i, chifukwa timafayilo tambirimbiri timatha kumaliza ma inode, mipata ya m'kaundula wa mafayilo, malo akadalipo. Seva yakana kuyaka mutangochita update: pa GRUB, mndandanda wooneka seva ikamayaka, lowani mu Advanced options musankhe kernel (mtima wa Linux) yakale, imakhalapo ndithu. Ndipo kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032, kakatha, wotchi ya seva imabwerera zaka m'mbuyo magetsi akathima. Zikatero apt, pulogalamu yotenga ma update, imakana, masatifiketi a HTTPS amaoneka ngati olakwika, anthu n'kumati "yagwidwa vairasi". Lembani timedatectl muone deti. Ndaonapo seva itatsala pang'ono kufomatidwa chifukwa cha kabatire kogulitsidwa mu golosale.

Za netiweki sindichedwapo, chifukwa ndondomeko yake ndi imodzi ndipo anthu amangoilumpha. Lamulo la ip a likuuzani ngati seva ili ndi adiresi, ip route likuuzani ngati ikudziwa njira yotulukira. Chitani ping ku rauta, kenako ku 8.8.8.8, kenako ku dzina ngati ubuntu.com. Nambala ikuyankha koma dzina ayi, vuto ndi DNS, yomasulira mayina kukhala manambala, musavutitse a kampani ya intaneti. Mwasuntha disiki kuika mu kompyuta ina, kapena mwawonjezera khadi, ndipo netiweki yafa: dzina la khadi lasintha, mwina enp2s0 yakhala enp3s0, pamene fayilo ya netplan, yokonzera netiweki pa Ubuntu, ikutchulabe lakale. Chenjezo langa lalikulu ndi kwa amene mukukonza seva ili kutali kudzera pa SSH, njira yolowera mu seva pa netiweki. Gwiritsani netplan try, imene imabwezera zakale pakatha masekondi 120 ngati simunavomereze. Ndipo musanalembe ufw enable, lamulo loyatsa mpanda wotseka makomo a netiweki, tsegulani kaye khomo la SSH, 22. Kupanda kutero mwadzitsekera kunja, ndipo mukwera minibasi kukadina kiyibodi.

Pa chitetezo ndi pamene asing'anga abodza a makompyuta amandikwiyitsa zedi, chifukwa mankhwala awo amaoneka ngati agwira. Pulogalamu yakana kulemba mu foda, iwo chmod -R 777, kulola aliyense kulembamo. Tsamba silikutseguka, iwo ufw disable. Pa Rocky kapena AlmaLinux mlonda wotchedwa SELinux waletsa chinachake, iwo setenforce 0, kumuletsa ntchito. Zinthu zimayambadi kuyenda, bwana n'kuthokoza. Chimene achita ndi kuzula chitseko chifukwa kiyi amavuta. Uthenga woletsa uja unkatchula fayilo yake ndi mwini wake, ndipo kukonza kwenikweni kunali chown imodzi kapena kutsegula khomo limodzi.

Musadzinamize kuti seva yanu ndi yaing'ono, palibe angaifune. Amene amagogoda si munthu wokudziwani, ndi mapulogalamu oyendayenda pa intaneti usana ndi usiku kuyesa khomo lililonse. Ngati seva yanu ili ndi adiresi yoonekera kunja, lembani lastb kapena tsegulani /var/log/auth.log muone mayina amene akuyesedwa: root, admin, test, postgres, mizere yosatha. Za pasiwedi yabwino sindinenapo, mukuzidziwa. Chimene ndikufuna n'chakuti mulowe ndi kiyi ya SSH, muike PasswordAuthentication no ndi PermitRootLogin no, ndipo muyese kulowa pa windo lina musanatseke limene mulimo.

Kuzengereza ma update nakonso kukutipha. "Ikuyenda, musaikhudze" ndi mawu amene ndimamva paliponse. Ubuntu 18.04 inasiya kulandira chithandizo chanthawi zonse mu Meyi 2023, CentOS 7 inatha pa 30 Juni 2024, Ubuntu 20.04 mu Meyi 2025, koma ndimazipezabe zikusunga malipiro a anthu. Pa 1 Julayi 2024 akatswiri a Qualys analengeza bowo mu OpenSSH, lotchedwa regreSSHion, limene likanalola munthu kulowa ngati root, mwini mphamvu zonse pa seva, popanda pasiwedi pa ma seva ambiri a Linux. Chigamba chake chinatuluka nthawi yomweyo. Pa ma seva amene anali ndi bowolo, amene anachita update analitseka tsiku limenelo, amene "sakhudza" ali nalobe. Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, koma ma update a chitetezo okha si aakulu, ndipo pa Ubuntu ndi Debian pulogalamu ya unattended-upgrades imawatenga yokha.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi imodzi imene kufomata kuli koyenera, anthu amakana. Seva yalowedwa: fani ikulira ngati chigayo, top ikuonetsa pulogalamu yachilendo ikudya purosesa yonse pokumba ndalama za crypto. Wokonza amaipha pulogalamuyo n'kunena kuti zatha. Mawa yabwerera, chifukwa wakubayo anasiya mzere mu crontab woidzutsanso, kiyi yake yolowera mu authorized_keys, mwinanso anasintha malamulo omwe mukugwiritsa ntchito pomufufuza. Munthu akafika pa root, seva imeneyo musaikhulupirirenso. Ichotseni pa netiweki, koperani disiki yonse, pezani pamene analowera, sinthani mapasiwedi ndi makiyi onse, kenako muike dongosolo latsopano n'kubwezeretsa deta yokha. Mukalumpha kupeza polowera, abweranso pa khomo lomwelo sabata isanathe.

Kuchokera tsiku la kabungwe kaja ndinasintha kagwiridwe kanga. Disiki iliyonse yosafunika poyatsa imakhala ndi nofail, ndipo ndimaizula dala n'kuyatsanso seva eni ake akuona. Backup imakhala pawiri, ina kunja kwa nyumbayo, ndipo kamodzi pa miyezi 3 timaibwezeretsa pa kompyuta ina kuti wosunga mabuku atsegule yekha aone ngati ngongole ya sabata yatha ilimo. Pamwamba pa seva ndimamata pepala lolemba ndi maka, m'Chichewa: "Ikalemba zakuda, jambulani sikirini. Musabaye flash. Imbani manambala awa." Manambalawo amakhala awiri, yanga ndi ya mnzanga wa ntchito yomweyi amene amakhala dera lina, kuti foni yanga ikathera moto pakhale wina woyankha.