Ntchito ya magetsi a galimoto imayambira pa kuyeza

Makolo akabwera ndi mwana kugalaja kwathu kuno ku Dedza amati, "Amisiri, tamuphunzitsaniko za mawaya." M'maganizo mwawo ntchito yathu ndi kukonza sitata ndi nyali zothima basi. Kale zinalidi choncho. Koma ma Sienta, ma Probox ndi ma Nissan Note ochokera ku Japan amene adzaza mumsewu wa M1 amayendera kompyuta. Kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini, nthawi yoti pulagi ithethetse moto, ngakhale kusintha magiya, zonsezi kompyuta imalamula potengera zimene masensa, tizipangizo toyeza zochitika m'galimoto, aiuza.

Pansi pa chiwongolero pali kasoketi ka mabowo 16 kotchedwa OBD-II, kamene ku America adalamula kuti kazikhala m'galimoto zatsopano kuyambira mu 1996. Tikalumikizapo makina oyezera, galimoto imatipatsa nambala ya vuto. Apa m'pamene achinyamata ambiri amasocherera. Nambala ya P0171 imangonena kuti mafuta achepa poyerekeza ndi mpweya, sinena kuti sensa yafa. Mwina paipi ya mpweya yang'ambika, mwina pampu ya mafuta yafooka, mwina sensa yangodzala fumbi la misewu yakumudzi. Wosadziwa amangofufuta nambalayo, nyali ya check engine, yochenjeza za vuto la injini, n'kuzima, mwini galimoto n'kulipira. Asanafike pa Linthipe nyali ija yayakanso. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa ndi zomwe zimachititsa anthu kutiyesa akuba tonse.

N'chifukwa chake wophunzira wanga amayamba kugwira multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ndipo makina oyezera aja amabwera pambuyo. Batire yodzaza bwino imaonetsa mavoti 12.6 injini ili chozima. Injini ikamalira, muyeso uzikhala pakati pa 13.8 ndi 14.4, apo ayi nthawi zambiri alternator, imene imatchaja batire, ili ndi mlandu. M'miyezi ya June ndi July, chisanu cha kuno chikafika pachimake, galimoto zambiri zimakana kulira m'mawa, eni ake n'kuthamangira kukagula batire yatsopano. Tikatsegula boneti timapeza mitu ya batire yakale itachita ufa woyera wobiriwirako, kapena waya wopita ku chitsulo cha galimoto atakhwepa. Kupala ndi kumanga basi, galimoto yalira. Malole onyamula mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu ambiri amayendera mavoti 24, ndiye ukalumikizako chipangizo cha mavoti 12 chimapsa pomwepo.

Ndalama zambiri masiku ano zili pa kuika zipangizo: alamu, tracker, kamera yoonera kumbuyo, wailesi. Wailesi zambiri zobwera ndi galimoto za ku Japan zimagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90, pamene nyumba zathu zoulutsira mawu zimafika mpaka cha ku 108. Tsono timaikamo kachipangizo kosuntha manambala kapena kusintha wailesi yonse. Ntchitoyi imafuna ukhondo. Waya wongopotokola ndi kukulunga tepi amatha kumwa batire usiku wonse, ndipo fyuzi yolowetsedwa m'malo ndi kawaya kapena kanojona kamene kali m'paketi ya fodya imaotcha galimoto. Fyuzi ikapsa, pali chimene chaipsereza, ndipo chimenecho n'chofunika kuchisaka.

Za ma hybrid, galimoto zoyendera mafuta ndi magetsi, ndichenjeze mwapadera. Mawaya a mtundu wa olenji mu Toyota Aqua amanyamula mavoti 144, mu Prius amapitirira 200. Amenewa amapha. Wosaphunzira asawakhudze.

Wofuna ntchitoyi alimbikire masamu, sayansi ndi Chingerezi, poti mapu a mawaya ndi mabuku a opanga galimoto sadalembedwe m'Chichewa. Akatero afunse za maphunziro a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, kenaka akhale pansi pa mmisiri wodziwa kwa zaka zingapo. Zida zoyambira si zodula: multimeter, nyali yoyesera magetsi, chowotcherera mtovu ndi mapulayasi abwino. Makina oyezera adzagule atafunsa kaye, chifukwa ena otchipa amakana kulankhula ndi galimoto zopangidwira msika wa ku Japan.