Mkangano wa eNaTIS: makina anali a boma, odziwa kuwayendetsa anali a kampani

Aliyense amene anagulapo galimoto ku Joni, ngakhale kabaki kotumiza kumudzi, dzina lake linalowapo mu eNaTIS. Imeneyi ndi nkhokwe ya pa kompyuta ya dziko la South Africa mmene mumasungidwa mbiri ya galimoto iliyonse, mwini wake, laisensi ya dalaivala ndi mapepala osonyeza kuti galimotoyo ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Apolisi, mabanki ndi makampani a inshuwalansi onse amadalira nkhokwe yomweyi. Ikaima, kugula ndi kugulitsa magalimoto m'dziko lonse kumaimanso.

Nkhani yake inayamba mu Disembala 2001, pamene Unduna wa Zamtengatenga unapatsa kampani ya Tasima ntchito yokonza dongosolo latsopano lolowa m'malo mwa lakale lotchedwa NaTIS. Mgwirizanowo unali wa zaka zisanu kuyambira mu Juni 2002, wa ndalama zoposa R350 miliyoni, ndipo unkayenera kutha mu Meyi 2007. Pamapepala zinali zomveka: kampani imange, iphunzitse anthu a boma, ipereke makiyi, izipita.

Dongosololo linayatsidwa mu Epulo 2007 ndipo masabata oyambirira anali chipwirikiti. Makompyuta ankangozima, mizere inkatuluka kunja kwa maofesi a malaisensi, ogulitsa magalimoto akulephera kulembetsa katundu wawo. Zimenezi zinakonzedwa patapita nthawi. Vuto lenileni linali lina, losaoneka pamzere: mgwirizano unatha, koma mu undunamo munalibe gulu la akatswiri lokonzeka kulandira ntchitoyo. Choncho Tasima inapitiriza, mwezi ndi mwezi, kwa zaka zitatu.

Mu 2010 mlembi wamkulu wa undunawo, George Mahlalela, anawonjezera mgwirizanowo ndi zaka zina zisanu, mpaka kumapeto kwa Epulo 2015, popanda kuitana makampani ena kuti apikisane. Apa ndi pamene panagona mlandu. Pambuyo pake unduna womwewo unanena kuti kuwonjezerako kunali kosemphana ndi malamulo a kagulidwe ka zinthu za boma, ndipo unkafuna kuti eNaTIS ipite m'manja mwa Road Traffic Management Corporation, bungwe la boma lodziwika kuti RTMC. Tasima inkayankha kuti dongosolo lalikulu chotere silisamutsidwa ngati thumba la chimanga, pafunika ndondomeko ya nthawi yaitali monga mmene mgwirizano unanenera. Ndipo nthawi zambiri unduna ukazengereza kulipira kapena kuvomereza ntchito, kampaniyo inkathamangira kukhoti n'kupambana.

Ine ndimaona kuti mphamvu ya Tasima pa zaka zonsezi sinali mwa maloya ake okha. Anthu amene ankadziwa kumene waya aliyense walowera, amene ankatha kudzutsa makina akagwa usiku, ankalandira malipiro ku kampani. Unduna unali ndi ndalama zolipira kontrakitala chaka ndi chaka, koma sunakonze mipando ya ntchito, malipiro okopa akatswiri, kapena nthawi yoti anthu ake akhale pambali pa a kampani n'kumaphunzira. Boma lotere likafuna kuthetsa mgwirizano limayamba ladzifunsa kuti mawa m'mawa adzayatsa makinawo ndani. Ifenso kwathu kuno funsoli si lachilendo, poti MalTIS, nkhokwe yofanana ndi eNaTIS ya ku Road Traffic ya ku Malawi, imene inakonzedwanso mu 2015, inakhala m'manyuzipepala kwa zaka chifukwa cha kuchedwa kuiika m'manja mwa boma.

Pa 9 Novembala 2016 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, Constitutional Court, linagamula kuti zimene anachita Mahlalela zinali zosavomerezeka, ndipo linalamula Tasima kupereka eNaTIS kwa RTMC pasanathe masiku 30. Koma undunawo sunatuluke woyera. Oweruza anaukumbutsa kuti chigamulo cha khoti chimatsatidwa mpaka khoti lina litachichotsa, ngakhale iwe utakhulupirira kuti mgwirizano umene chaimapo ndi wolakwika. Masiku 30 aja anadutsa, kukokana kunapitirira, ndipo RTMC inalowa m'maofesi a eNaTIS ku Midrand, pafupi ndi Joni, mu Epulo 2017, khoti lina litalamulanso.

Apa ndi pamene nkhani ya anthu ogwira ntchito, imene inanyalanyazidwa kuyambira 2001, inatulukira poyera. RTMC inatenga nyumba, makompyuta ndi mapulogalamu. Nanga antchito a Tasima, amene ntchito yawo yonse inali eNaTIS basi? Lamulo la zantchito la dzikolo, Labour Relations Act, lili ndi gawo 197 limene limati bizinesi ikasamuka ili yamoyo kupita kwa mwini watsopano, antchito amapita nayo limodzi, ndi malipiro awo ndi zaka zawo zonse za pantchito. Tasima inati gawoli likugwira ntchito pano. RTMC inakana. Pakati pa mbali ziwirizi panali mabanja osadziwa kuti abwana awo ndani ndiponso kuti malipiro a mwezi wa mawa achokera kuti, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa zonse mu nkhaniyi, chifukwa anthu amenewa sanasaine mgwirizano wa 2010.

Mlanduwo unadutsa ku khoti la zantchito, n'kupita ku khoti la apilo la zantchito, n'kukafikanso ku Constitutional Court. Mu Ogasiti 2020 khotilo linagamula kuti gawo 197 likuikhudza RTMC. Antchito a Tasima anali antchito a bungwe la bomalo mwalamulo, patatha zaka 13 kuchokera pamene mgwirizano woyamba unatha.